Makina alibe dzina, koma zitsulo zake zili ndi manambala

Pa Mponela, pa Madisi ngakhalenso pa Dowa Boma, wachinyamata amene waphunzira ukalipentala amalakalaka tsiku lodzasiya kupala thabwa ndi manja. Makina atsopano ndi odula, ndiye ambiri amathera pa ogwiritsidwapo kale ntchito. Ena amabwera pa lole kuchokera ku Joni, ena amagulidwa kwa mmisiri amene watseka shopu ku Lilongwe. Vuto lake, makina otere kawirikawiri sakhala ndi dzina. Kachitsulo kolembapo kampani kanagwa kalekale, kapena penti inakakwirira.

Tsiku limene aima, oda ya zitseko ili pakati, mwiniwake amakwera minibasi n'kukauza wogulitsa masipeya ku Malangalanga kuti, "Ndikufuna bearing ya makina opalira matabwa, obiriwira aja." Wogulitsayo atani? Ya transipoti yapita, kasitomala akungoimba foni.

Chimene chingakupulumutseni ndi ichi: makampani opanga makina sapanga okha chitsulo chilichonse. Bearing, lamba, mota ndi mabawuti amagula zamiyeso yofanana padziko lonse. Ndiye musavutike ndi dzina la makina. Funani nambala kapena muyeso wa chimene chafacho.

Tiyambe ndi bearing, poti ndi imene imafa msanga ndi fumbi la utuchi. Ichotseni, muipukute ndi parafini, muwerenge m'mphepete mwake. Mukapeza 6204, ndiye kuti bowo lake ndi mamilimita 20, kunja 47, kunenepa 14. Ya 6205 ili ndi bowo la 25, ya 6203 la 17. Zilembo zakumapeto nazo zili ndi ntchito: 2RS ndi yotsekedwa ndi labala mbali zonse ziwiri, ZZ ndi yotsekedwa ndi tizitsulo. Pamalo a fumbi ngati m'shopu ya matabwa, ya labala imateteza bwino. Nambala ikafufutika, yezani bowo, kunja ndi kunenepa ndi vernier caliper. Tepi yoyezera matabwa ikunamizani, chifukwa apa milimita imodzi ndi nkhani yaikulu.

Lamba nayenso ali ndi chilembo. Wa A ndi wotambalala pafupifupi mamilimita 13 pamwamba, wa B 17, ndipo nambala yotsatira, monga A40, imanena kutalika kwake m'mainchesi. Ngati waduka, musamutaye. Mutengeni, mukamuike patebulo la wogulitsa.

Pa mota m'pamene ndalama zambiri zimapsera. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi 230V pa 50Hz. Mota yolembedwa 380V kapena 400V imafuna magetsi a three-phase, amene shopu zambiri za pa trading centre zilibe. Yolembedwa 110V ndi 60Hz inapangidwira ku America, ndipo kuilumikiza mwachindunji n'kuiwotcha. Onaninso liwiro: mota zambiri kuno zimazungulira pafupifupi ka 1,450 kapena ka 2,850 pa mphindi. Mukaika yothamanga pamalo pa yoyenda pang'onopang'ono osasintha pulley, sowo izungulira kuwirikiza kawiri liwiro lake, ndipo zala zanu zili pomwepo. Mota ikamangolira kuti "hmmm" osadzuka, musathamangire kugula ina. Nthawi zambiri ndi capacitor imene yafa, ndipo nambala yake ya µF yalembedwa pathupi pake.

Sowo yozungulira muigule poyeza bowo lapakati. Pali za mamilimita 30, za 25.4, ndi za 5/8 inchi za ku America. Mipeni ya makina opalira muiyeze kutalika, kutambalala ndi kunenepa, ndipo muisinthe yonse pamodzi kuti ilemere mofanana. Mabawuti nawo amapusitsa. Makina akale a ku Britain, monga a Wadkin a mumzinda wa Leicester, ambiri ali ndi mabawuti a miyeso ya mainchesi. Bawuti ya masiku ano imalowa pang'ono n'kukana. Mukaikakamiza ndi sipanala, mwaononga bowo. Nati yogwira sowo pa makina ena imamasulidwa mobwerera, ndiye yang'anani mizere yake musanaimenye.

Foni yanu ija igwire ntchito apa. Pukutani makina, mujambule mbali zonse powala, makamaka manambala otukuka pa chitsulo chenichenicho. Ikani zithunzizo pa Google Lens. Makina ambiri a ku Taiwan ndi ku China amapangidwa mofanana n'kugulitsidwa ndi maina osiyanasiyana, ndiye mukapeza mnzake wofanana naye, mwapezanso buku lake ndi mndandanda wa masipeya. Musananyamuke, tumizani pa WhatsApp chithunzi cha chitsulocho chili pambali pa choyezera, wogulitsa atsimikize kuti chilipo. Aphunzitsi a ukalipentala m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA nawo awona makina ambiri, afunseni. Safunsa anadya phula.

Zina sizigulidwa m'sitolo. Shafti kapena pulley, amisiri a lathe ku Lilongwe amatha kukusulirani mukawapatsa yakaleyo. Koma chitsulo chozungulira chogwira mipeni chikang'aluka, musalole kuti wina achiwotcherere. Chimazungulira kambirimbiri pa mphindi, ndipo mpeni ukafwamphuka umavulaza koopsa.

Kwa amene simunagule: pitani ndi thabwa lanu, makina ayatsidwe, apale kapena acheke inu mukuona. Akazimitsidwa ndi kuzulidwa ku magetsi, gwedezani shafti mumve ngati ikusewera. Werengani mota, muone ngati chotchingira sowo chilipo. Wogulitsa akati "magetsi athima, koma amagwira bwinobwino," muuzeni kuti mubweranso akayaka. Ndipo tsiku lomwelo mwafika nawo ku shopu, lembani manambala onse m'kope ndi mufoni, makina akadali amoyo.