Thupi silitsukidwa ndi za m'botolo

Malonda a "zotsuka m'thupi" afika paliponse. Mukakwera basi pa Wenela kulowera ku Lilongwe, musanafike pa Zalewa wina amakhala ataimirira kale ndi chikwama, kulalikira za ufa wotsuka magazi, wosungunula mafuta, wochotsa zoipa zonse za m'matumbo. Pa WhatsApp ndi pa Facebook nkhani ndi yomweyo, kungoti kumeneko mabotolo ake ndi onyezimira ndipo mtengo wake ungagule ndiwo za mwezi wathunthu. Ogulawo ndi anthu anzeru zawo. Ena thupi likungowalemera, ena akudzimbidwa, ena auzidwa kuchipatala kuti BP yakwera, ndipo onse akufunitsitsa kupeza bwino. N'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka mtima.

Ntchito yotsuka thupi ili kale ndi eni ake, chiwindi ndi impso. Chiwindi chimalandira magazi ochokera m'matumbo n'kuphwanya mowa, mankhwala ndi zina zoopsa kuti zituluke kudzera mu ndulu kapena mumkodzo. Impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 tsiku lililonse, ambiri n'kuwabwezera m'thupi, ndipo otuluka ngati mkodzo amangokhala lita imodzi kapena malita awiri. Ziwalozi zikagwa, palibe tiyi wa zitsamba amene angalowe m'malo mwake. Munthu amakadikira makina a dialysis ku Kamuzu Central kapena ku Queens, kangapo pa sabata, mwina moyo wake wonse.

Nanga kupepukidwa kumene anthu amamva akamwa ufa uja kumachokera kuti? Nthawi zambiri mumakhala zitsamba zotsegula m'mimba, monga senna kapena aloe. Munthu akathamangira kuchimbudzi m'mawa wonse amati zoipa zatuluka, pamene chatuluka ndi madzi pamodzi ndi mchere wofunika m'thupi monga potassium. Mnyamata wamphamvu amadzuka mawa lake ali bwino. Koma kwa agogo, kwa mayi woyembekezera, kwa wodwala shuga, kuuma madzi m'thupi kumapweteka impso zomwezo zimene amafuna kuzitsuka. Choopsa kwambiri n'chakuti ena amasiya mankhwala a BP, a shuga ngakhale ma ARV poganiza kuti apeza mankhwala "achilengedwe". Ameneyo ndiye msampha wopha anthu.

Ngati tikufunadi kukamba za poizoni wa m'chakudya, tiyambe ndi amene ali m'nkhokwe mwathu, chuku. Chuku china chomera pa mtedza ndi pa chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko lapansi linamudziwa mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Koma nthawi zambiri sapha tsiku limodzi. Amalowa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, kuwononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B. Paja akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo moto samutha, kaya mtedzawo mwaukazinga, kaya mwauphika.

Taonani zimene timachita nthawi yokolola. Mtedza ukauma makoko amalimba, zala zimapweteka, ndiye timauwaza madzi kuti usweke msanga. Madzi amenewo ndiwo amaitana chuku. Tikamaliza timakhala pamphasa ndi lichero n'kusankha: wonenepa, wosalala, ukupita kumsika, wonyala, wakuda, woboola, ukutsala pakhomo. Wotsalawo ndiwo umasinjidwa kukhala nsinjiro zothira mu nkhwani ndi m'phala la mwana. Mayi amachita izi chifukwa cha chikondi, chifukwa anauzidwa kusikelo kuti phala la mwana lizikhala ndi nsinjiro, ndipo uphungu umenewo ndi woona. Chosowa ndi mawu amodzi okha owonjezera: mtedza wa mwana ukhale wabwino koposa wonse. Chimanga chowola chimene timati "ichi n'cha thobwa" kapena "n'cha nkhuku" nachonso chiyenera kutayidwa. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya m'chaka cha njala n'kovuta kukamba, komabe kuumitsa mbewu bwino, osayanika padothi, ndi kusanja matumba pa mitengo kutali ndi khoma sikufuna ndalama.

Zina zolemetsa chiwindi ndi impso tikuzidziwa tonse. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo, mu buledi ndi m'timibulu tokometsera tija. Mchere wambiri umakweza BP, BP n'kuwononga impso mwakachetechete. Onjezani masupuni anayi a shuga m'kapu ya tiyi, zakumwa zotsekemera, mafuta a pachiwaya okazingira mpaka kuda bii, ndi kachasu amene amaotcha chiwindi. Kuchepetsa zimenezi kumathandiza thupi kuposa botolo lililonse.

Pa nkhani ya kudzimbidwa, mankhwala ake timawasiya kuchigayo. Chimanga tikachikonola, n'kuviika mphale masiku angapo, timapeza ufa woyera mbee, koma madeya amene tapatsa nkhumba ndi nkhuku ndiwo anyamula zoyendetsa chimbudzi, mavitamini ndi mafuta abwino. Mgaiwa timaunyoza kuti ndi wa kusukulu yogonera komweko kapena wa nthawi ya njala. Ine ndimati nsima ya mgaiwa, ya chimanga chouma bwino ndi chosankhidwa, ndiyo yoyenera kulemekezedwa. Amene sangathe kuidya yokha ayambe n'kusakaniza theka ndi theka, lilime limazolowera.

Ndiwo zamasamba nazo tazisandutsa chizindikiro cha umphawi. Bonongwe, chisoso, luni, khwanya, kholowa ndi chigwada zimamera kuseri kwa nyumba, zina popanda wozibzala, koma mlendo akabwera timapepesa kuti "lero tangopeza masamba". Tikaphika timathira soda wambiri n'kuwiritsa mpaka masamba kusanduka phala, mavitamini ena n'kuthera momwemo. WHO imalimbikitsa magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Kwa ife zimenezi n'zotheka pafupifupi chaka chonse: mango dzinja likamayandikira, masuku, magwafa, mapapaya, nthochi, ndiye malambe ndi bwemba zomwe zimasungika miyezi, osaiwala mfutso wa m'chikwatu.

Alangizi a zaumoyo akhala akutiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Phunziro limeneli silikoma m'makutu ngati ulaliki wa m'basi, koma ndi limene lili ndi umboni. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Dziko lotere vuto lake lalikulu ndi mbale yosakwanira, ndipo ndalama yopita ku ufa wotsegula m'mimba ikanagula usipa, nandolo, mazira kapena mbatata yofiira mkati.

Choncho abale anga, thupi likamalemera, mutu ukamapweteka kawirikawiri, miyendo ikamatupa, pitani kuchipatala akakuyezeni BP, shuga ndi mkodzo. Ngati muli pa mankhwala, musasiye, ndipo muwauze adokotala chitsamba chilichonse chimene mukumwa. Imwani madzi aukhondo okwanira, ndipo mtedza wa chaka chino musauwaze madzi pouswa.