Bola ikali pakati, batire yafa: tinataya chiyani?

Tonse tikuidziwa nkhaniyi. Malaiti apita, Chipolopolo ili m'bwalo, ndipo anthu asanu tawunjikana pa foni imodzi pa Katete boma. Hafu yoyamba isanathe, batire yafiira. Timanyoza foni, koma mlandu suli pa foni yokha. Uli pa njira imene kanemayo wadzera.

Akuluakulu athu amakumbukira mafoni a "China" aja okhala ndi kamlongoti kosolola, amene ankagwira ZNBC popanda bando. Dziko litayamba kuzima TV ya analogi mu 2017, mafoni aja anasanduka zoseweretsa ana. Tinawaseka kuti ngachikale, komatu anali ndi nzeru imene lero tikuisowa.

TV youlutsidwa ili ngati mfumu yolankhula pabwalo: imalankhula kamodzi, aliyense n'kumva. Foni imangotchera khutu, siyankha. Koma tikamaonera pa YouTube kapena Facebook, foni imacheza ndi tawa osapuma: kupempha kachidutswa ka kanema, kulandira, kutsimikiza kuti kafika, kupemphanso. Kulankhula kumeneku n'kumene kumadya moto. Netiweki ikafooka, monga zimachitikira kumidzi ya ku Vubwi kapena ukapatuka pa Great East Road kulowa mkati mwa Sinda, foni imakweza mphamvu kuti tawa iimve. N'chifukwa chake imatentha m'manja. Pa Kulamba ku Mkaika, anthu masauzande amalimbirana tawa zomwezo, kanema n'kumaima, batire ikupita. Mawu oulutsidwa sachepa ngakhale omvera achuluke bwanji.

Mayiko ena anayesa kuika TV yeniyeni m'foni. South Korea inayamba DMB mu 2005, Japan inayamba 1seg mu 2006. Njira ya ku Ulaya ya DVB-H inkatumiza kanema m'mitolo, kuti cholandirira chizigona pakati pa mtolo ndi mtolo n'kusunga batire. Koma DVB-H inafa, mwa zina chifukwa anthu anakonda kusankha okha choonera komanso nthawi yoonera.

Tisanamizane: sikirini imadya batire mulimonsemo, kaya kanema wabwera pa mlongoti kapena pa 4G. Kusiyana n'kwakuti pa intaneti timalipira kawiri, bando ndi moto. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse. Apo m'pamene tinadziwa kuti batire si ya bola yokha. Ndi ya mobile money, ndi tochi, ndi yoimbira njinga yamoto usiku mayi akadwala.

Ndiye ife tikuti chouluka chimene chatsala m'thumba mwathu tisachinyoze: wailesi ya FM. Lowetsani mahedifoni, sikirini izime, mumve Mphangwe kapena Breeze FM kwa maola ambiri popanda bando. Pogula foni tizifunsa ngati ili ndi FM, osati kamera yokha. Kanema amene si wa pompopompo tizimutsitsa pomwe netiweki ili bwino, n'kukaonera kunyumba data itazima. Ngati n'koyenera kuonera pompopompo, titsitse ku 360p ndi kuchepetsa kuwala.

Chigoli tidzachionanso mawa pa WhatsApp. Koma foni yofa usiku wa ngozi ilibe mawa.