Walira Mvula Walira Matope: Za Kusankha Ntchito

Adzukulu anga, ndi nonse okonda miyambo yathu, mwambi wa lero ndi wakuti walira mvula walira matope. Makolo ankaunena kwa munthu wolakalaka chinthu chabwino koma wokana zovuta zobwera nacho. Ndaubweretsa kwa inu amene mwalemba mayeso a MSCE, ndiponso kwa makolo amene ayamba kale kukusankhirani ntchito.

Ntchito iliyonse ili ndi mvula yake ndi matope ake. Mvula ndiyo malipiro, ulemu ndi yunifolomu yoyera. Matope ndiwo zimene munthu amachita tsiku ndi tsiku popanda womuyamika. Namwino amasambitsa wodwala wosatha kudzuka, amachezera usiku wonse, ndipo amauza abale uthenga wa imfa. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amaima pamaso pa ana oposa 100, nabwereza chinthu chimodzimodzi mpaka mawu kusasa. Choncho posankha ntchito, musayambe ndi kufunsa kuti imalipira ndalama zingati. Yambani mwadzifunsa ngati mtima wanu ungapirire matope ake kufikira imvi.

Akuluakulu akale ankaidziwa nzeru imeneyi. Wosula makasu sankaitana mwana aliyense kuti adzaphunzire. Ankangoona mnyamata amene sachoka pachipala, amene amapempha yekha kugwira mvukuto ngakhale utsi ukumuliza misozi. Mayi woumba mbiya ankazindikira mtsikana wodekha manja poona timiphika tadothi timene ankaumba kumasanje. Mwana waphuma sankamukakamiza kuluka dengu, pakuti ankadziwa kuti lidzatuluka lopotoka. Ankayamba aona khalidwe la mwana, kenaka n'kumuphunzitsa luso loyenerana nalo.

Tikalowa ntchito chifukwa chongosowa pogwira, ovutika si ife tokha. M'chaka cha 1994 boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanapite kukoleji ya zauphunzitsi. Ambiri mwa iwo anali ndi mtima wokonda ana, ndipo anadzakhala aphunzitsi odalirika ataphunzitsidwa. Ena anangotsata malipiro, ndipo ankalowa m'kalasi ngati munthu wopita kuthangata. Mwana amaona msanga mphunzitsi wosakonda ntchito yake, ndipo naye amayamba kudana ndi sukulu. N'chimodzimodzi kuchipatala: namwino wamtima wapachala amawonjezera ululu wa wodwala.

Taonani nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Ankapita kulaibulale kukawerenga za magetsi, natolera zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, mpaka anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Anthu ena ankamuyesa wamisala pomuona akufukula m'zinyalala. Iye ankakondwera nako kufukulako, ndipo apa ndi pamene luso lake linaonekera. Mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America.

Wina anena kuti ntchito n'zosowa, ndipo wanjala sangayambe kusankha ndiwo. Zoona, ndipo mwana amene banja likumudalira agwire ntchito imene yapezeka. Komabe kugwirizira ntchito n'kosiyana ndi kudzimangirira moyo wonse pa ntchito imene mtima ukuikana. Ndipo kusowa kwa ntchito kumakula chifukwa tonse timathamangira khomo limodzi la ofesi. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima amaphunzitsa ukalipentala, umakaniko, zomangamanga ndi zamagetsi. Kalipentala wokonda ntchito yake sasowa womuitana, pamene kalaliki wonyong'onyeka amangowerenga masiku a mwezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa inu adzukulu, malangizo anga ndi awa. Onani chimene mumachita popanda wokutumani mpaka kuiwala nsima. Dziwani ngati mumakonda kukhala pagulu kapena panokha, ngati magazi amakuopsani, ngati mungathe kukhala pampando tsiku lonse. Kenaka pitani kwa munthu wogwira ntchito imene mukuifunayo, mukamufunse chimene chimamutopetsa kwambiri, pakuti safunsa anadya phula. Mukasankha, khazikikani, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kwa inu makolo anzanga, mwana si munda wobzalamo zimene ife tinalephera kukolola. Mulangizeni, muuzeni zovuta za njira iliyonse, koma musamunyoze akasankha sowo m'malo mwa cholembera. Matopewo adzawaponda ndi mapazi ake, ife titapita kale.