Nayenso galu amaumva Mwera

Kwathu ku Chintheche timakhulupirira kuti kunyanja sikuzizira. Tikamva anzathu a ku Mzuzu kapena ku Dedza akudandaula za June ndi July, timangoseka. Komatu Mwera ukayamba kuwomba m'bandakucha, ngakhale asodzi olimba mtima amavala majekete awiri. Nanga n'chifukwa chiyani timaganiza kuti galu, amene amagona panja usiku wonse kutilondera, sakumva kanthu?

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kunena kuti izi n'zachizungu. Mukuti anthu akusowa bulangete, ndiye tiziganiza za galu? Funsoli ndi lomveka. Koma zimene ndikupempha sizilira ndalama, ndipo phindu lake limabwerera kwa ife eni.

Galu wamkulu wodya bwino amapirira kuzizira kwa kunyanja popanda vuto lenileni. Amene amavutika ndi tiana, chifukwa m'masabata oyambirira thupi lawo silitha kudzitenthetsa lokha. Enanso ndi agalu okalamba, owonda, ndi amene ubweya unasosoka ndi mphere. Kutentha kwa thupi kumachokera m'chakudya, koma ambirife galu timamuponyera makombo a kondowole basi. Kondowole amadzaza mimba koma samanga thupi. Chonsecho ino ndi nyanja ya usipa, ndipo zinyenyeswa zotsala pathandala zimangotayika.

Galu akazizidwa amasaka yekha pofunda, ndipo apa m'pamene ngozi imayambira. Wina amakagona paphulusa n'kupsa ndi khala lobisika. Wina amapita pamsewu wa M5, chifukwa phula limasunga kutentha kwa dzuwa mpaka usiku. Tikaona galu atagundidwa pakati pa Kande ndi Chintheche timati anali wopusa, osadzifunsa chimene chinamuchotsa pakhomo.

Chofunika n'chochepa. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa, choncho mupezereni malo kuseri kwa nyumba kapena khitchini komwe mphepoyo siifika. Ikani thabwa pansi kuti asagone padothi lachinyezi, pamwamba pake muyale chiguduli chakale, ndipo muzichiyanika padzuwa n'kuchikuntha kuti utitiri usachuluke. Muonjezereni usipa pang'ono pachakudya chake. Muikireninso madzi abwino, kuti asakamwe pamene tavika chinangwa, poti madzi a chinangwa chowawa amakhala ndi poizoni.

Tsopano nayi mfundo imene ndikufuna ifike kwa amene mulibe chifundo ndi agalu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo pakati pawo pali ana ochuluka. Zizindikiro zikangoonekera, munthu sachira. Njira yodziwika yothetsera matendawa ndi kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, ndipo ndi mlingo umene bungwe la Mission Rabies lakhala likuutsata ku Blantyre kuyambira mu 2015.

Koma katemera amabayidwa galu wogwirika. Galu amene kwawo amangodziwa mwala ndi chikuni, alangizi a ziweto akabwera amathawira kutchire, ndipo mwini wake amangoti "sagwidwa ameneyo." Galu amene ali ndi pogona pake, amene amadziwa dzanja lomupatsa chakudya, ngakhale mwana wa sukulu amamukoka ndi chingwe mpaka pamalo a katemera. Kumadera ngati Usisya, komwe msewu ndi wovuta ndipo jakisoni wa munthu wolumidwa angafune ulendo wautali, kusiyana kumeneku kungapulumutse moyo wa mwana.

Ife ophunzira timakonda kulemba za ufulu ndi chilungamo. Ndikuona kuti chilungamo chimaonekeranso pa mmene timachitira ndi wantchito amene satha kudandaula. Galu amathamangitsa anyani m'munda wa chinangwa, amalondera maukonde ndi nkhuku, koma malipiro ake ndi kukalipiridwa.

Pa 28 September dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Galu amene mudzapite naye kukatemera ndi amene mwamuzolowetsa dzanja lanu m'miyezi yozizira ino. Mukafika kumudzi pa holide, funsani kuti galu wa pakhomo amagona pati, kenako mufunefune chiguduli.