Mbava za pa intaneti: kodi maphunziro akufika ku Kanyenda?

Mu February 2024, Amalawi ofuna ziphaso zoyendera adangoti kakasi ntchito yosindikiza mapasipoti itaima ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava zidalowerera makompyuta a nthambiyo n'kumafuna dipo.

Chodandaulitsa n'chakuti izi zidachitika dziko lino lili kale ndi zida zodzitetezera. Lamulo loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti lidakhazikitsidwa mu 2016, ndipo pansi pa bungwe la MACRA pali gulu la akatswiri lotchedwa mwCERT lomwe ntchito yake ndi kuthana ndi chiwembu chotere. Mu 2023, mzinda wa Lilongwe udalandiranso akatswiri a maiko a mu Africa pa maphunziro oyeserera omwe adakonzedwa mothandizidwa ndi bungwe la ITU.

Pa maphunziro otere, akatswiri amapatsidwa chiwembu chongopeka n'kuona ngati angachizindikire msanga, kuchitsekereza ndi kubwezeretsa ntchito m'chimake. Phindu lake limadalira kakonzedwe kake.

Choyamba, chiwembu choyesereracho chizifanana ndi chomwe anthu akukumana nacho. Kwa mlimi wa nzimbe kapena wogula usipa m'dera la mfumu yaikulu Kanyenda ku Nkhotakota, mbava siibwera ndi luso lozama. Imangoimba foni n'kunena kuti yatumiza ndalama molakwika, kapena kudzitcha wogwira ntchito ku kampani ya foni n'kupempha nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Chachiwiri, maphunzirowa asamathere m'mahotela a m'tauni. Ma ejenti a ndalama za pa foni, apolisi a ku Dwangwa, aphunzitsi ndi atsogoleri a mabanki a m'mudzi ndiwo amayamba kumva madandaulo a obedwa. Akuyenera kuyeserera nawo, m'chinenero chomwe amayankhula tsiku ndi tsiku, kuti adziwe woyamba kumuuza ndani ndiponso momwe angatseketsere nambala ndalama zisadatulutsidwe.

Chachitatu, zofooka zomwe zapezeka zizilembedwa, wozikonza adziwike, ndipo pakapita miyezi ingapo ayeserenso. Kupanda kutero, maphunziro amangosanduka mwambo wolandirira satifiketi ndi alawansi.

Anthu a kwa Kanyenda akudziwa kuwawa kwa ngozi yobwera modzidzimutsa, poti chaka chomwecho cha 2024 madzi osefukira a mtsinje wa Dwangwa adawasiya ambiri opanda pogona. Madzi amaoneka akamabwera, koma mbava ya pa foni imangozindikirika ndalama ya fizi kapena ya feteleza itapita kale.

Podikira kuti maphunzirowa afike kumudzi, banja lililonse lingathe kuyamba lokha: kukhala pansi madzulo, kuyeserera zoyankha foni yachilendo ikalira, ndi kugwirizana kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale atadzitcha bwana wa kampani.