Dimba la gulu si masewera, boma liliwerengere

Alimi anzanga, chaka chilichonse nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo timatchera khutu kuti timve gawo la ulimi. Zomwe timamva ndi zomwezomwezo: feteleza, mbewu ya chimanga ndi mitengo ya fodya. Za dimba sitimva. Kodi ndi Mmalawi uti amadya nsima yopanda ndiwo?

Ndondomeko ya makuponi inayamba mu 2005, ndipo mu 2020 inasintha dzina kukhala AIP. Ndalama zochuluka za unduna wa zamalimidwe zakhala zikuthera kumeneko, koma mbewu ya mpiru, tomato kapena anyezi simunali. Gulu la amayi ndi abambo lomwe lapempha malo kudambo, kukumba chitsime ndi kumanga mpanda wa udzu limadzionera lokha. Ife tikuti uku ndi kulakwitsa, ndipo ana athu ndi amene akulipira.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osapitirira zaka zisanu anali okwinimbira. Apa n'kuti makuponi atagawidwa kwa zaka khumi. Chimanga chimakhutitsa, koma pachokha sichikulitsa mwana bwino. Aphungu a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo masamba ndi gulu limodzi mwa amenewa. Nanga n'chifukwa chiyani boma lomwelo limatiuza kuti tidye zakasinthasintha koma thandizo lake lochuluka n'kupita ku mbewu imodzi?

Ena amati dimba ndi ntchito ya amayi yongopezera ya mchere ndi sopo. Onena zimenezi aiwala msanga. Pa njala ya 2002, mabanja ambiri omwe anali ndi kachigawo kudambo anali ndi pogwira pamene nkhokwe zinali mbee. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chimanga chinapserera m'minda, koma komwe kunali chitsime ndi khasu, masamba anamerabe. Bonongwe amathyoledwa pakangotha mwezi umodzi, mpiru nawo suchedwa, pamene chimanga timadikira miyezi itatu kapena inayi. Zotsala timafutsa, ndipo mfutso wa nkhwani kapena chitambe umafika mpaka nyengo ya dzinja.

Ena amati magulu amangokangana, bola aliyense alime payekha. Mikangano ilipodi, sitikana. Koma taganizani za mayi wamasiye yemwe alibe malo kudambo. Payekha sangakumbe chitsime, sangamange mpanda woletsa mbuzi ndi ng'ombe, sangagule pampu. Pagulu amalandira mabedi ake, nazale imakhala imodzi, dzenje la manyowa limodzi, ndipo ulonda amachita mosinthana. Pagulu n'pomwenso timatha kugwirizana kuti tisafese tomato tsiku limodzi tonse. Aliyense amene anaonapo milu ya tomato pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi yomwe wachuluka amadziwa mmene mavenda amatidulira mtengo. Kufesa motalikitsa masabata awiri kapena atatu kumathandiza kuti tisagulitse motaya.

M'dimba la gulu ndi momwenso mbewu zathu zamakolo zikusungika. Luni, chisoso, bonongwe, denje ndi limanda sizifuna mankhwala ambiri ngati kabichi, ndipo mbewu yake timasunga tokha osapita kusitolo. M'mbali mwa mabedi mumalowa tsabola wa kambuzi, adyo, mpungabwi ndi chammwamba. Koma mlangizi akafika, nthawi zambiri nkhani yake imakhala ya chimanga cha haibulidi basi. Malo ofufuzira za ulimi a Bvumbwe ku Thyolo akhala akugwira ntchito ya mbewu zamasamba ndi zipatso kwa zaka zambiri. Kodi nzeru zimenezo zingafike bwanji kwa mlimi wa ku Nthalire kapena ku Makanjira ngati palibe wozinyamula?

Vuto lalikulu koposa ndi malo. Gulu limapempha dambo pakamwa, mfumu n'kuvomera pakamwa. Anthu amazula zitsa, kuthira manyowa zaka zitatu, nthaka n'kuyamba kubereka. Apo ndi pomwe amatulukira wina n'kumati malowo anali a malemu agogo ake, kapena n'kumva kuti agulitsidwa kwa munthu wa ndalama wa m'tauni. Thukuta la anthu makumi awiri limapita madzi. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limanena za makomiti oyang'anira malo otsogoleredwa ndi gulupu, momwe mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Lamulo likangokhala papepala silitchinjiriza bedi ngakhale limodzi. Tiyenera kulikakamira kuti ligwire ntchito m'midzi mwathu.

Choncho zofuna zathu n'zomveka. Boma lipatule gawo la ndalama za ulimi kuti lipite ku mbewu zamasamba, zitsime ndi zipangizo zothirira za magulu. Lisabwereze zomwe zinachitika ndi mapampu opalasa ndi miyendo omwe anagawidwa m'zaka za m'ma 2000, ambiri n'kuthera pakhonde chifukwa chosowa zida zokonzera. Alangizi aziyendera madimba m'chilimwe, osati kungooneka nthawi yolemba mayina a makuponi. Mafumu nawo apereke malo a gulu polemba, pamaso pa mboni, ndi kutchula malire komanso zaka.

Koma ifenso tili ndi mbali yathu. Gulu lililonse likhale ndi malamulo olembedwa, buku la ndalama ndi msungichuma wosankhidwa ndi onse. Abambo, ndalama za dimba zikayamba kuoneka musalande udindo kwa amayi omwe anayamba ntchitoyo. Pamsonkhano wotsatira wa kalabu yanu, lembani mayina a madimba onse a m'dera lanu, kukula kwake ndi chiwerengero cha mabanja, ndipo kalatayo ipite kwa khansala, kwa phungu ndi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. Mwana wosalira amafera mu mbereko. Tikapanda kulankhula, bajeti ya chaka chamawa idzawerengedwanso popanda dimba.