Gogo wa BP tisamukhazike pamkeka

M'makomo ambiri, mayi wachikulire akangobwera kuchipatala ndi kabuku kolembedwa kuti BP yakwera, banja lonse limayamba kumulondera. Akagwira tsache, mdzukulu amathamanga: "Agogo siyani, mugwa!" Akafuna kusuntha mphika, mpongozi amalanda: "Amayi khalani pansi, mwaiwala zimene ananena adokotala?" Mwina adokotalawo sananene zimenezo n'komwe. Anangoti achepetse mchere ndipo azimwa mankhwala tsiku lililonse. Zokhala pansizo tawonjezera tokha, mwachikondi ndithu.

Ine ndikuti chikondi chimenechi chikufooketsa amayi athu. Minofu yosagwiritsidwa ntchito imafota. Munthu aliyense akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo akadutsa zaka 60 kuchepako kumafulumira. Kwa amayi pali vuto lina pamwamba pake. Akasiya kusamba, mahomoni amene ankathandiza kuti mitsempha ya magazi ikhale yofewa amachepa, mitsemphayo imayamba kuuma, mafupanso amayamba kufooka. N'chifukwa chake pakati pa achinyamata BP imapezeka kwambiri mwa amuna, koma pakati pa okalamba amayi ndi amene amachuluka. Ndiye tikatenga mayi wotere n'kumukhazika pamkeka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, timakhala tikuwonjezera matenda pamatenda. Pakatha chaka amayamba kudzuka mogwira khoma, ife n'kumati ndi ukalamba.

Vutoli si la mabanja ochepa. M'chaka cha 2009, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unayeza anthu m'dziko lonse lino ndipo unapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Onani pamene kafukufukuyo analekezera: pa zaka 64. Agogo amene tikuwanenawa sanalowe m'chiwerengerocho, pamene matendawa amachuluka munthu akamakula.

Mantha athu sanachokere kumwamba ayi. Munthu akamanyamula chinthu cholemera BP imakweradi nthawi yomweyo. M'chaka cha 1985, akatswiri a pa McMaster University ku Canada anayeza BP ya anyamata onyamula zitsulo pamene ankakankha zolemera kwambiri ndi miyendo, ndipo ya mmodzi inafika 480/350. Ukakumbukira kuti kuchipatala amati BP yakwera ikafika 140/90, nambala imeneyo imaumitsa thupi. Kwa zaka zambiri madokotala ankauza odwala BP kuti aziyenda ndawala kapena kupalasa njinga, koma zonyamula asiye. Chimene chinaiwalika n'chakuti anyamatawo ankakankha mpaka pomalizira mphamvu zawo, ali chigwirire mpweya. Palibe amene akupempha gogo kuchita zimenezo.

Zinthu zinayamba kusintha pamene dokotala wina, Maria Fiatarone, anayesa zimene ambiri ankaziona ngati misala. Ku Boston, m'nyumba yosungirako okalamba, anatenga anthu 10 a zaka zapakati pa 86 ndi 96, ambiri mwa iwo amayi, n'kuwayambitsa kunyamula zolemera ndi miyendo katatu pa sabata. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1990. Patatha masabata 8 okha, mphamvu za miyendo yawo zinali zitawonjezeka ndi 174 peresenti. Apa zinaoneka poyera kuti minofu ya munthu wa zaka 90 imamvabe ukaipatsa ntchito.

Nanga BP yeniyeniyo? Mu 2023, akatswiri a ku Canterbury Christ Church University ku England anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 270 wokhudza anthu oposa 15,000 kuti aone masewera amene amatsitsa BP kwambiri. Kuyenda, kuthamanga ndi kupalasa njinga kunkatsitsa nambala yapamwamba ija ndi pafupifupi 4.5. Kunyamula ndi kukankha zolemera kunkatsitsanso ndi pafupifupi 4.5, kutanthauza kuti zimene tinkaziopa zija zikugwira ntchito mofanana ndi zimene tinkazivomereza. Kuphatikiza ziwirizi kunkatsitsa ndi 6. Chodabwitsa chinali chakuti masewera olimbitsa minofu osasuntha, monga kutsamira khoma utapinda mawondo ngati wakhalira mpando, ankatsitsa ndi 8. Kunena zoona, anthu a m'kafukufuku ameneyu sanali amayi okalamba okhaokha. Kafukufuku wa amayi okalamba a BP paokha, amene wambiri wachitikira ku Brazil, amakhala wa timagulu tating'ono, koma naye amaloza mbali yomweyo: pakatha miyezi iwiri kapena itatu, BP ya pamene munthu akupumula imatsika.

Wina anganene kuti 5 ndi kanambala kochepa. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2021 anasonyeza kuti nambala yapamwamba ikatsika ndi 5, chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima chimachepa ndi pafupifupi 10 peresenti. Amene anasamalirapo mayi wofa ziwalo mbali imodzi, kumutembenuza usiku ndi kumuchapira nsalu, sangaiderere nambala imeneyo.

Zimene zimachitika m'thupi n'zosavuta kumva. Minofu ikamagwira ntchito imafuna magazi ambiri, ndiye mitsempha imatanuka kuti magaziwo adutse. Munthu akamaliza, mitsemphayo sibwerera msanga, imakhalabe yomasuka kwa maola angapo ndipo BP imakhala yotsikirapo. Zikamachitika mobwerezabwereza, mkati mwa mitsemphamo mumazolowera kumasuka, mtima supopanso movutikira. Minofu yolimba imayamwanso shuga wa m'magazi, ndipo tonse tikudziwa kuti BP ndi shuga amakonda kuyendera limodzi.

Ndikudziwa chimene owerenga ambiri akufuna kundiyankha: "Agogo anga alima moyo wawo wonse, inu muwaphunzitsa chiyani?" Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Mayi amene akugwirabe khasu, kutola nkhuni ndi kupita kumjigo ali patsogolo pa mnzake wongokhala, ndipo musamuletse. Koma taonetsetsani mmene ndowa ya malita 20 imafikira pamutu ngati palibe womutwika. Amawerama, amagwira m'mphepete, amakoka mpweya n'kuutsekera m'chifuwa, mitsempha ya m'khosi imatupa, ndowa imayamba yaima pabondo, kenaka "hii!" yakwera pankhata. Makilogalamu 20 amenewo anyamulidwa kamodzi, mwadzidzidzi, mpweya uli wotsekeredwa. Ndi kanyamulidwe kameneka kamene kamakweza BP modzidzimutsa. Ntchito ya kumunda nayo imabwera ndi nyengo: miyezi ya dzinja munthu amawerama kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, akakolola amakhala miyezi ingapo osachita zambiri. Imatopetsa msana koma siyendera muyezo. Masewera amene ndikunenawa ndi opepukirapo, obwerezabwereza, ochitika chaka chonse, munthu akupuma bwinobwino.

Ndiye pali agogo ena amene sitiwatchula kawirikawiri, aja tinawatenga kumudzi kuti adzapumule m'tauni. Madzi ali pampopi, ufa umachokera kuchigayo, mtondo unasanduka chokhalira, wantchito alipo, mpanda ndi wa njerwa ndipo geti ndi lotseka. Tsiku lonse ndi iwo ndi wailesi ya kanema. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU amene anachitika ku Area 25 mu Lilongwe ndi ku Karonga, n'kusindikizidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 aliwonse a m'tauni anali onenepa kupitirira muyezo. Kupumula kumene tikuwapatsa amayi athu m'tauni kuli ndi mtengo wake.

WHO imati munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 za kuyenda kapena ntchito ina yotulutsa thukuta. Izi sizifuna jimu kapena zovala zapadera. Chitenje chomwecho n'chokwanira. Choyambira chabwino ndi mpando wolimba wotsamiritsa kukhoma. Gogo akhale, mapazi ali pansi bwinobwino, adzuke, akhalenso mosadzigwetsa, maulendo 8 kapena 10. Poyamba angagwire m'mawondo, pakapita masabata manja aziwapingasa pachifuwa. Akapumula mphindi ziwiri abwerezenso. Pambuyo pake aime moyang'ana khoma, aike zikhato pakhomapo, apinde zigongono n'kudzikankha. Botolo la madzi la lita imodzi limalemera kilogalamu imodzi. Awiri otere ndi okwanira kuyambira, akayamba kupepuka muthiremo mchenga. Chubu chakale cha njinga chomangirira pamtengo chimathandiza kukoka. Zonsezi ndi mphindi 15 kapena 20, kudumphitsa tsiku pakati. Zotsamira khoma zija ayambe ndi masekondi ochepa, mawondo atangopinda pang'ono.

Lamulo lalikulu ndi mpweya. Awerenge mokweza mawu, chifukwa munthu amene akuwerenga mokweza sangatsekere mpweya m'chifuwa. Ngati akulephera kutchula nambala, cholemeracho chachuluka. Asanayambe akayezetse ndi kuwauza a kuchipatala, makamaka ngati anadwalapo mtima kapena sitiroko, kapena maso anayamba kuvuta chifukwa cha shuga. BP ikakhala pa 180/110 kapena kupitirira, tsiku limenelo ndi la kuchipatala, masewera adikire. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, befu wachilendo kapena mutu waukulu, asiye pomwepo. Akamaliza asanyamuke mothamanga, chifukwa BP yotsika ija ingawagwetse.

Mankhwala asasiyidwe. Ndikunena izi motsindika chifukwa tili ndi chizolowezi choti munthu akangomva bwino, kapena akamva za adyo ndi mandimu, mapiritsi amakasungidwa pawindo. HCTZ, amlodipine kapena enalapril amene analandira kuchipatala azimwabe, ndipo ngati nambala zatsika, wochepetsa mlingo ndi dokotala. Mchere nawo usatibisalire: WHO imati osapitirira magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi, ndipo soda wa m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo timawerengedwa momwemo.

Ku Brazil boma linaona kuti kungouza anthu sikukwanira. Mzinda wa Recife unayamba mu 2002 kuika aphunzitsi a masewera m'mabwalo a m'madera kuti anthu azilimbitsa thupi mwaulere, ndipo mu 2011 unduna wa zaumoyo wa dzikolo unafalitsa ntchito yotereyi m'dziko lonse pansi pa dzina lakuti Academia da Saúde. Amene amadzaza mabwalowo kwambiri ndi amayi. Ife ndalama zimenezo tilibe, ndipo sindikuyembekezera kuti zipezeka mawa. Koma magulu a amayi tili nawo kale, okhazikika kuposa pulojekiti iliyonse: Mvano, Chigwirizano, Umanyano, Dorika, amayi a Chikatolika, amayi a kumzikiti, mabanki a m'khonde.

Ndikuumirira za gulu pa chifukwa china chimene n'chochititsa manyazi kuchitchula. M'dziko limene okalamba akumenyedwabe ndi kuphedwa powaganizira ufiti, gogo amene wapezeka yekha kuseri kwa nyumba m'mawa, atatsamira khoma, mawondo atapinda, akuwerenga yekha, akhoza kuyambitsiridwa nkhani. Amayi 20 akuchitira limodzi zomwezo masana pabwalo la tchalitchi, akuseka, palibe amene angawanenere kanthu. Pagulu ndi pamenenso munthu amalimbikira, chifukwa akajomba anzake amamufunsa.

Choncho pempho langa likupita kwa inu atsogoleri a magulu a amayi. Tsiku limene mumakumana, patulani mphindi 15 musanabalalike. Itanani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu abwere ndi makina oyezera BP tsiku loyamba, aone amene ali oyenera kuyamba ndi amene ayenera kupita kaye kuchipatala, ndipo nambala za aliyense zilembedwe m'kope. Pakatha miyezi itatu mudzamuitanenso adzayeze.